Mmene Linux Inalowera M'bwalo la Magemu

Nkhani ya sabata ino yatuluka pang'ono m'mabuku, yalowa m'kompyuta. Alakatuli musathawe ayi, chifukwa pakatikati pake pali womasulira, ndipo ntchito yomasulira ambiri muno mukuidziwa kuwawa kwake.

Tiyambe ndi funso. Kompyuta imene munagula ndi ndalama zanu, amailamula ndani? Mukaiyatsa, pamadzuka kaye pulogalamu yaikulu yomwe imayang'anira mapulogalamu ena onse ngati kapitawo pa esiteti. Imeneyo ndiye operating system. Ambirife tinazolowera Windows ya kampani ya Microsoft. Windows amakulolani kuigwiritsa ntchito, koma malemba amene anaipangira, omwe akatswiri amati source code, ndi chinsinsi cha eni ake. Zili ngati kugula ndiwo zophikaphika, kukhitchini osakulowetsaniko. Linux ndi ya mtundu wina, uja amati open source: malemba ake ali poyera, aliyense angathe kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira mnzake popanda kupempha chilolezo.

Maganizo amenewa anayamba kale. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa ntchito ya GNU, cholinga chake chili kupanga operating system yaufulu. Mu 1991 Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba chigawo chapakati chomwe chinkasowa, chotchedwa kernel, ndipo anachiika poyera kuti ena athandizepo. Ziwirizi zitakumana, kunabadwa chimene lero timangoti Linux. Inakula mofulumira. Makina ambiri osunga zinthu za pa intaneti amayendera Linux, ndipo ngati foni yanu ili ya Android, mkati mwakemo muli kernel ya Linux. Koma pa tebulo la munthu wamba inkakanika kulowa. Zifukwa zinalipo zingapo, koma chimodzi chimene achinyamata ankatchula kawirikawiri n'chakuti: magemu anga ndisewera bwanji?

Apa mumvetse bwino. Gemu siilankhula yokha ndi zipangizo za m'kompyuta. Ikafuna kujambula galimoto kapena kutulutsa phokoso la mfuti, imapempha kudzera mwa operating system, m'chilankhulo chimene awiriwo anagwirizana. Mu 1995 Microsoft inatulutsa chilankhulo chake cha zimenezi chotchedwa DirectX, ndipo m'kupita kwa nthawi makampani ambiri opanga magemu anachitengera. Gemu yolembedwa m'chilankhulo chimenecho ikafika pa Linux imakhala ngati mlendo wosamva chinenero cha pamudzi. Choncho zinthu zinamangana: opanga magemu ankati pa Linux palibe osewera, osewera nawo ankati pa Linux palibe magemu. Aliyense kudikira mnzake.

Oyesa analipo. Gemu yotchuka ya Doom, ya kampani ya id Software, inafika pa Linux mu 1994, ndipo mu 1997 eni ake anatulutsa malemba ake poyera. Mu 1998 Scott Draeker anatsegula kampani ya Loki ku California, ntchito yake ili kugula chilolezo cha magemu a Windows n'kuwakonzanso kuti ayende pa Linux, imodziimodzi. Anakonza magemu ngati Civilization: Call to Power ndi Heroes of Might and Magic III. Ntchito inali yabwino, koma ogula anali ochepa. Mu 2001 ndalama zinawathera, ndipo kumayambiriro kwa 2002 kampaniyo inatsekedwa. Komabe si zonse zimene zinakwiriridwa nayo. Mmodzi mwa akatswiri ake, Sam Lantinga, anali atapanga chida chaulere chotchedwa SDL chothandiza gemu kuyenda pa makina osiyanasiyana, ndipo mpaka lero chikugwira ntchito. Apa ndi pamene open source imasiyanira ndi malonda wamba: kampani ikafa, malemba amatsala, wina n'kupitiriza.

Panalinso gulu lina limene linasankha njira yaitali. Iwo anati, m'malo molembanso gemu iliyonse, bwanji osaika womasulira pakati? Gemu ikalankhula Chiwindows, womasulirayo azitembenuza pompopompo kuti Linux imve. Ntchito imeneyi inayamba mu 1993 ndipo dzina lake ndi Wine. Kuyambira 1994 wakhala akuitsogolera ndi Alexandre Julliard. Inu amene munayesapo kumasulira mwambi, tangoganizani kumasulira chinenero chimene mwini wake akukubisirani malamulo ake ambiri, komanso akuchisintha chaka ndi chaka. Wine inatenga zaka 15 kuti ifike pa mlingo umene eni ake anaupatsa nambala ya 1.0, mu 2008. Kuona maso a nkhono n'kudekha, eetu.

Nthawi yomweyo Linux inayamba kufewa kwa munthu wamba. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu, mawu omwe kwathu kuno timati umunthu, ndipo kwa zaka zingapo ankatumiza ma CD ake kwaulere kwa aliyense wopempha padziko lapansi. Mu 2010 kunachitikanso china chotsegula maso. Opanga magemu ang'onoang'ono anasonkhanitsa magemu awo pa malonda otchedwa Humble Indie Bundle, pomwe wogula ankalipira ndalama imene wafuna yekha. Atawerengera, anapeza kuti munthu wa pa Linux ankalipira zambiri kuposa wa pa Windows. Mbiri ija yoti anthu a Linux amangofuna zaulere inayamba kugwedezeka.

Koma chimene chinatembenuza nkhani sichinali chikondi, anali mantha. Kampani ya Valve ili ndi msika waukulu wa magemu a pakompyuta wotchedwa Steam, umene inatsegula mu 2003, ndipo pa gemu yogulitsidwa pamenepo kawirikawiri imatengapo 30 pa 100 alionse. Mwini wake, Gabe Newell, anagwirapo ntchito ku Microsoft zaka 13, ndiye ankawadziwa bwino. Mu 2012 Microsoft inabweretsa Windows 8 yokhala ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu. Newell anaona patali: ngati tsiku lina eni nyumba adzanene kuti malonda onse azidutsa pa sitolo yawo, okala ya Valve idzakhala kuti? Ananena poyera kuti Windows 8 ndi tsoka. Munthu wochita lendi mtima sukhala m'malo, ndiye Valve inayamba kufuna poloti yake.

Mu Febuluwale 2013 Steam inafika pa Linux. Chaka chomwecho Valve inalengeza mtundu wake wa Linux wotchedwa SteamOS, ndipo mu Novembala 2015 makina otchedwa Steam Machine anafika m'masitolo. Anagwa chagada. Magemu ambiri amene anthu ankafuna panalibe, ndipo ena mwa amene analipo ankayenda mozengereza kuposa pa Windows. Valve inali itagwera m'dzenje lomwe lija la Loki, lodikira kuti gemu iliyonse ikonzedwenso payokha. Ambiri anati basi, nkhani yatha.

Siinathe. Mu 2016 bungwe la Khronos linatulutsa chilankhulo chatsopano chojambulira zithunzi chotchedwa Vulkan, chomwe si cha kampani imodzi ndipo chimayenda pa Windows ndi pa Linux pomwe. Kenako kunatulukira Philip Rebohle, katswiri wa ku Germany yemwe ankafunitsitsa kusewera gemu ya Nier: Automata pa Linux yake. Chakumapeto kwa 2017 anayamba kulemba pulogalamu yotchedwa DXVK, yomasulira DirectX kupita ku Vulkan mwaliwiro loti wosewera asamve kutsalira. Anaiika poyera monga mwa mwambo. Valve itaona, inayamba kumulipira kuti ntchitoyo aziichita tsiku lonse. Inagwirizananso ndi kampani ya CodeWeavers, yomwe kwa zaka zambiri inkasamalira Wine. Anamanga zonsezi mtolo umodzi n'kuutcha Proton, ndipo unatuluka mu Ogasiti 2018. Poyamba Valve inangotsimikizira magemu 27, koma osewera anayamba kuyesa okha ena zikwizikwi, n'kumauzana imene ikuyenda ndi imene ikukana, ndiponso kupereka malipoti kwa okonza.

Taonani kusiyana kwake, abale. Kale wosewera ankauzidwa kuti: siya magemu ako, bwera kuno kuli ufulu. Anthu ankangogwedeza mutu n'kubwerera ku Windows. Tsopano uthenga unasintha: bwera ndi katundu wako yense, womasulira alipo. Umangodina batani, gemu n'kuyamba, osadziwa n'komwe kuti pansi pake pali thukuta la anthu la zaka 25.

Mu Febuluwale 2022 Valve inatulutsa Steam Deck, kakompyuta kogwira m'manja kosewerera magemu, mtengo wake kuyambira madola 399. Mkati mwake munali SteamOS yatsopano yomangidwa pa Arch Linux. Anthu anagula chifukwa cha magemu, ndipo ambiri mwa iwo aka kanali koyamba kugwira Linux ya pakompyuta. Opanga magemu nawo anayamba kufunsa asanatulutse gemu: kodi iyenda pa Deck? Mfundo ija ya kudikirana inamasuka pamenepo. Ndipo popeza zambiri zimene Valve inalipirira ndi za open source, zokonzedwazo zinafikanso kwa munthu wa Ubuntu, Linux Mint kapena Fedora amene sanagule Deck.

Nanga manambala akuti chiyani? Mwezi uliwonse Steam imachita kafukufuku wa makina a osewera ake. Kwa zaka zambiri a Linux ankangozungulira pa munthu mmodzi mwa 100 alionse, nthawi zina osafikapo n'komwe. Mu Julaye 2023 anapitirira a makompyuta a Apple. Mu Okutobala 2025 anadutsa anthu atatu mwa 100 alionse. Wina anena kuti, aaa, zomwezo? Zoona, Windows ikadali ndi oposa 90 mwa 100. Koma Steam imagwiritsidwa ntchito ndi anthu oposa 100 miliyoni pamwezi, ndiye atatu aja akuimira mamiliyoni. Mwezi umenewonso, pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 kwa anthu wamba, kupatula olowa m'dongosolo lapadera loonjezera nthawi. Windows 11 imafuna purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, moti makompyuta ambirimbiri abwinobwino anauzidwa kuti akalamba. Mwezi wotsatira Valve inalengeza kuti ibweretsanso Steam Machine, dzina lomwe lija linagwa mu 2015.

Komatu tisaimbe nthungululu msanga. Walira mvula walira matope. Choyamba, magemu ena otchuka opikisana pa intaneti, monga Fortnite ndi Valorant, sayenda pa Linux, chifukwa eni ake amadalira mapulogalamu ogwira akuba m'masewero omwe amalowa mkatikati mwa Windows. Apex Legends inkayenda, koma chakumapeto kwa 2024 eni ake anatsekera a Linux kunja ponena kuti onyenga akuchulukira kumeneko. Chachiwiri, popeza womasulira akugwira ntchito bwino, makampani ambiri saonanso chifukwa cholembera magemu m'chilankhulo cha Linux chenicheni. Inu olemba mukuidziwa nkhani imeneyi: mabuku omasuliridwa akachuluka, ndani adzalembe m'chinenero chathu? Chachitatu, Steam yeniyeniyo si open source, ndipo magemu ambiri ogulidwa kumeneko ndi otseka. Anthu athawa mwininyumba mmodzi, koma galimoto yosamukira ndi ya bwana wina. Kusiyana kwake n'kwakuti Wine, DXVK ndi mbali yaikulu ya Proton zili poyera. Valve itasintha mtima mawa, singazilande. Loki inationetsa kale zimenezo.

Mwina mukufunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Tayang'anani laputopu imene mumalembera ndakatulo zanu. Ambiri kuno timagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo ochuluka mwa iwo ndi omwewo amene Windows 11 ikuwakana. Makina amenewo sanafe. Linux Mint kapena Ubuntu imayenda bwino pa ambiri mwa iwo, mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi musanafufute kalikonse, ndipo simufunika kusaka pulogalamu yobedwa yodzaza ndi mavairasi. Vuto lilipo ndi la bandulo, poti magemu amakono amalemera magigabaiti makumimakumi. Koma ntchito imene anaigwirira osewera a kunja, yoti zithunzi ziziyenda bwino ndiponso mapulogalamu a Windows azitseguka, yathandizanso mphunzitsi ndi mlembi amene sanagwirepo gemu chibadwire.

Mbiri imeneyi ikuti chiyani tsono? Linux siinakope osewera ndi ulaliki wa ufulu. Inawakopa pamene anthu odzipereka anagwira ntchito yotopetsa yomasulira kwa zaka zambiri, ndipo kampani ina yamantha inaona phindu lowalipira. Popanda odziperekawo Valve ikanasowa poyambira, ndipo popanda ndalama za Valve ntchitoyo bwenzi ikukwawabe. Ndikusiyireni funso loti tikambirane sabata ino: ngati ufulu wafika utakwera galimoto ya wamalonda, ukadali ufulu? Nanga inuyo, laputopu yanu ikadzauzidwa kuti yakalamba, mudzamvera ndani?