Ovataimu pa Minda ya Tiyi ku Thyolo

Ovataimu ndi malipiro a maola amene munthu wagwira kupyola nthawi yoikidwa ndi lamulo. Nkhaniyi imakula m'nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka msanga ndipo maesiteti a ku Thyolo amalemba anthu ambiri a sizoni oti azithyola masamba.

Lamulo la Employment Act la 2000 likuti ntchito ya pa sabata isapitirire maola 48. Ola lowonjezera pa tsiku wamba lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma, ngati maola awiri. Tikutsindika kuti lamuloli limavomerezanso pangano la nthawi yochepa, choncho wa sizoni nayenso ndi wantchito.

Chovuta n'chakuti wothyola tiyi amawerengeredwa makilogalamu, ndiye maola odikira pa sikelo amaiwalika mosavuta. Tikulangiza akhristu athu kulemba m'kabuku nthawi yoyamba ndi yoweruka tsiku lililonse. Wodandaula apite ku PAWU, bungwe la antchito lomwe linasainirana pangano loyamba ndi Tea Association of Malawi mu 2016, kapena ku ofesi ya zantchito pa Thyolo Boma. Zikakanika, mlandu umapita ku khoti la Industrial Relations.