Thanki la pakhomo ndi eni madamu ku Brazil

Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil kuli dera louma lotchedwa Sertão. Mvula imagwa ndithu, koma imakhuthuka miyezi itatu kapena inayi, kenako n'kuzimiririka. Chilala cha 1877 mpaka 1879 chinapha anthu zikwi mazana angapo, makamaka ku Ceará, ndipo boma litadzidzimuka linaona ngati mankhwala a ludzu ndi madamu akuluakulu. Damu la Cedro ku Quixadá linatha mu 1906, ndipo mu 1909 kunakhazikitsidwa nthambi ya boma yolimbana ndi chilala, yomwe lero imatchedwa DNOCS. Madamu anamangidwadi, koma ambiri anathera m'minda ya eni malo olemera. Mmphawi ankatunga mochita kupempha, ndipo chisankho chikayandikira galimoto yamadzi inkayima pamudzi umene walonjeza voti. Choncho anthu a ku Sertão sankazunzika ndi kuchepa kwa mvula kokha. Chinkawapsinja kwambiri n'chakuti madzi anali m'manja mwa anthu ochepa.

Amene anayamba kumasula mfundo imeneyi sanali katswiri wa boma. Anali mmisiri womanga wa ku Simão Dias, Manoel Apolônio de Carvalho, yemwe ataphunzira kumanga maiwe osambiramo ku São Paulo anabwerera kwawo n'kuyamba kuumba zidutswa zasimenti ndi kuzilumikiza kukhala thanki lobulungira. Thankilo limakwiriridwa mbali ina m'nthaka kuti madzi azizizira, limapakidwa laimu, ndipo paipi yochokera kudenga imatsanulira momwemo. Mu 1999 mabungwe a alimi ndi a mipingo anakumana ku Recife n'kupanga mgwirizano wa ASA, ndi cholinga chomanga matanki miliyoni imodzi, ndipo kenako boma linayamba kuthirapo ndalama. Thanki limodzi limasunga malita 16,000, okwanira banja la anthu asanu kumwa ndi kuphikira miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Banjalo limakumba lokha dzenje, amisiri ndi a m'dera lomwelo, ndipo amayi amene ankalawirira m'bandakucha ndi ndowa pamutu tsopano amatunga kuseri kwa khitchini.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Amati chilala chikatalika thanki limauma, ndipo n'zoona kuti m'chilala cha 2012 mpaka 2017 matanki ambiri ankadzazidwa ndi galimoto zamadzi zoyang'aniridwa ndi asilikali. Komabe banja limene lili ndi posungira malita 16,000 limalandira kamodzi n'kukhala miyezi osagwadira munthu, pamene lokhala ndi zigubu ziwiri limadikira pamsewu sabata ndi sabata. Ena amati madzi a padenga amabwera ndi fumbi ndi zitosi za mbalame. N'chifukwa chake mabanja amaphunzitsidwa kutaya madzi a mvula yoyamba, kutseka chivundikiro ndi kuthira kolorini. Ndipo tisaiwale kuti kale ankamwa m'zithaphwi limodzi ndi mbuzi. Kuti madziwa sangathirire munda n'zoonanso, koma thankilo silinamangidwire zimenezo. Chilala cha 2012 chinali choopsa kuposa china chilichonse m'zaka makumi angapo, ziweto zinafa zambirimbiri, koma sikunaonekenso maliro ndi misasa ya othawa njala ngati kale. Thandizo la ndalama la boma linachitapo mbali yake, komanso pofika nthawiyo matanki zikwi mazana ambiri anali atayima kale m'makomo.