Chule, Gulugufe ndi Khansa ya Pakhosi

Amene lero akufuna kugonjetsa khansa ya pakhosi poika jini (malangizo amene maselo amatsata) m'chotupa akukolola m'munda umene unalimidwa ndi anthu osaganiza n'komwe za khansa. Mu 1981, Hans Boman ndi anzake ku Stockholm anafotokoza za timapuloteni tatifupi totchedwa cecropin, timene gulugufe wina wausiku amadzitetezera nato ku mabakiteriya. Mu 1987, Michael Zasloff wa ku National Institutes of Health ku America analengeza za tina. Iye ankang'amba achule pamimba kuti atenge mazira, ndipo chinamudabwitsa n'chakuti mabalawo ankapola bwinobwino m'madzi odzaza tizilombo. Achulewo anali a mtundu wa Xenopus laevis, amene kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa. Timene anapeza pakhungu lawo anatitcha magainin, kuchokera ku mawu a Chihebri otanthauza chishango.

Timapuloteniti timapha pobowola chikuto cha bakiteriya, chimene chimatikoka ngati maginito chifukwa mphamvu zawo zamagetsi n'zosiyana. Maselo ambiri a khansa kunja kwake amafanana ndi bakiteriya pa zimenezi, pomwe maselo abwino satero kwenikweni. Wokayika adzakumbutsa za pexiganan, mankhwala opaka ochokera ku magainin, amene bungwe la ku America loona za mankhwala la FDA linawakana mu 1999 chifukwa sanapose mankhwala akale pochiza zilonda za kumapazi kwa odwala shuga. Mfundoyi sindiipeputsa. Komabe, chimene mbiri yonseyi ikuonetsa si kufooka kwa timapuloteniti, koma kuvuta kotifikitsa pamene pali nthenda: m'magazi timaphwanyika msanga, ndipo kutipanga kumadya ndalama zambiri.

Ganizo la jini linabadwira pavuto lomweli. M'malo mobaya mankhwala otha msanga, upatse maselo a chotupa malangizo oti azidzipangira okha chowapha. Khosi ndi malo oyenera kuyeserapo, pakuti dokotala amatha kuona chotupacho ndi kuchifikira ndi singano. Ku China, mu 2003, anavomereza Gendicine, mankhwala a khansa ya kumutu ndi pakhosi amene amanyamula jini pogwiritsa ntchito kavairasi, ngakhale jini yake ndi ya p53, osati ya timapuloteni totere. Chondidetsa nkhawa n'china: melittin, mmodzi mwa timapuloteni totere wa mu ululu wa njuchi, amapha maselo a khansa koma amaphulitsanso maselo ofiira a magazi. Jini yotere iyenera kugwira ntchito m'chotupa mokha, apo ayi iwononga ndi khosi lomwe wodwala amapumira ndi kumezera.