Dzina la Kopuz ndi Kaphunzitsidwe ka Chiteki

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya dzina limodzi la choimbira, kopuz, kuti tione m'mene ophunzitsa ndi okonza zinenero za banja la Chiteki akhala akudalira oimba. Banja limeneli ndi lalikulu: muli Chiteki cha ku Turkey, Chikazaki, Chikirigizi, Chitatari, ndiponso Chisakha cha ku Siberia.

Mu 1055 mafumu a Chiteki a fuko la Seljuk analoŵa mu mzinda wa Baghdad, ndipo mphamvu ya nkhondo inakhala m'manja mwao. Mu 1072 Mahmud al-Kashgari anayamba kulemba buku lotanthauzira mau lotchedwa Diwan Lughat al-Turk, cholinga chake chili chakuti Aarabu aphunzire chinenero cha olamulira atsopanowo. Pofuna kuonetsa m'mene mau amagwirira ntchito, Kashgari sanapeke zitsanzo zonse yekha. Anatenga miyambi ndi ndime za nyimbo zimene anazimva pakati pa mafuko a Ateki: za nkhondo, za ulenje, za chikondi, ndi yolira mfumu Alp Er Tunga. Bukuli linatifika kudzera m'kope limodzi lokha, lolembedwa pamanja mu 1266. Likadatayika kopelo, nyimbo zimenezi zikadapita nalo.

M'bukumo muli dzina lakuti qobuz, ndipo alimasulira ndi dzina la Chiarabu la choimbira cha nsambo, ud. (Ena amaŵerenga qubuz, popeza malembo a Chiarabu sasiyanitsa o ndi u.) Chotikopa ife ndi chakuti Kashgari sanalekere pa dzinalo. Anapereka mneni wochokera ku dzinalo, qobza-, kuimba qobuz, pamodzi ndi misintho yake: qobzal- wochitidwa, qobzat- wochititsa, ndi qobzash- wochitirana kapena wopikisana. Woŵerenga wodziŵa Chicheŵa sadabwa nazo, pakuti kuimba, kuimbidwa ndi kuimbitsa zimapangidwa m'njira yofananako. Koma kwa Mwarabu, amene chinenero chake chimasintha mavawelo m'kati mwa muzu, kalumikizidwe kotere kanali kachilendo. Ndipo dzina silibala aneni anayi ngati anthu salitchula kaŵirikaŵiri. Motero tikuganiza kuti choimbirachi chinali chodziŵika kwa aliyense.

Dzinali linayenda mtunda wautali, koma silinanyamule choimbira chimodzimodzi. Komuz wa Akirigizi ali ndi nsambo zitatu ndipo amamuliza ndi zala. Qobyz wa Akazaki ali ndi nsambo ziŵiri za ubweya wa mchira wa kavalo, ndipo amamukwecha ndi kauta monga achitira woimba kaligo. Khomus wa Asakha ndi kubyz wa Atatari alibe nsambo n'komwe: ndi kachitsulo kokhala ndi lilime, koimbira pakamwa. Anthu osalankhula Chiteki anabwerekanso dzinalo, ndipo ku Ukraine kuli kobza, ku Hungary koboz, ku Romania cobza. Anzathu okonda kulemba mbiri ya chikhalidwe kuchokera pa mindandanda ya mau achenjere pamenepa. Kufanana kwa maina kumatiuza kuti mau anayenda. Sikutiuza chimene woimba ananyamula m'manja.

Ku Anatolia, kumene lero kuli dziko la Turkey, dzinalo linazilala. M'nthano za Dede Korkut, zimene makope ake a ku Dresden ndi ku Vatican ndi a zaka za m'ma 1500, woimba amatchedwa ozan ndipo choimbira chake ndi kopuz. Koma m'zaka zomwezo woimba wa m'midzi anayamba kutchedwa aşık, mau ochokera ku Chiarabu, ndipo choimbira chake chinadziŵika ndi dzina la saz, lochokera ku Chiperisiya, kapena bağlama, lochokera ku mneni wa Chiteki wotanthauza kumanga. Maina anasintha, koma chinenero cha nyimbozo chinakhalabe pafupi ndi cholankhula anthu wamba. Chifukwa chimodzi chinali kamangidwe ka ndakatulo. Alakatuli a kunyumba ya mafumu a Ottoman ankatsata muyeso wa aruz, umene umasiyanitsa maphatikizo aatali ndi aafupi. Mau enieni a Chiteki cha kumeneko alibe mavawelo aatali, choncho mlakatuli ankathamangira mau a Chiarabu ndi Chiperisiya kuti mzere wake ukwane. Aşık ankangoŵerenga maphatikizo, 7, 8 kapena 11 pa mzere, ndipo mau a kwao ankamukwanira.

N'chifukwa chake boma la Mustafa Kemal, litasintha malembo mu 1928 ndi kukhazikitsa mu 1932 bungwe loona za chinenero, limene pambuyo pake linatchedwa Türk Dil Kurumu, linatembenukira kumidzi. Aphunzitsi ndi antchito a boma analamulidwa kutola mau a anthu wamba oti aloŵe m'malo mwa mau obwereka. Maganizo omwewo anafika pa nyimbo. Ziya Gökalp anali atalemba mu 1923 kuti nyimbo za kunyumba ya mafumu n'zachilendo, ndi kuti nyimbo za fuko zidzabadwa pophatikiza nyimbo za m'midzi ndi luso la ku Ulaya. Kuyambira 1934 kufikira 1936 wailesi ya boma inaleka kuulutsa nyimbo za chi-Ottoman. Omvera ambiri anangopotoza wailesi zao n'kumamvera Cairo, ndipo lamulo lofuna kuchotsa zachilendo linatha ndi kuloŵetsa nyimbo za Chiarabu m'nyumba za anthu. Mu 1936 Béla Bartók ndi Ahmed Adnan Saygun anakajambula nyimbo za m'midzi m'dera la Adana.

Chimene chinayenda bwino, monga tikuonera ife, chinali chaching'ono ndi chosakakamiza. Âşık Veysel, woimba wakhungu wa m'chigawo cha Sivas, anadziŵika mu 1931 pa msonkhano wa oimba umene anakonza mphunzitsi Ahmet Kutsi Tecer. Pakati pa 1942 ndi 1944 Veysel ankaphunzitsa saz m'sukulu zosula aphunzitsi a m'midzi, zotchedwa Köy Enstitüleri. Ophunzira amene ankalimbana ndi mau atsopano m'mabuku ao ankamva kwa iye Chiteki chosavuta, chosafuna womasulira.

Nanga maina aja anatani? Okonza chinenero anadzutsa ozan n'kumupatsa tanthauzo la mlakatuli, ndipo anthu analandira mauwo, ngakhale şair wa Chiarabu sanachoke. Kopuz sanadzuke, ku Turkey amapezeka makamaka m'mabuku a mbiri, pamene saz wa Chiperisiya akadali pakamwa pa aliyense. Mau a Chiarabu otanthauza nyimbo, musiki, anapatsa malo müzik wochokera ku Chifalansa, ndipo onse aŵiri muzu wao ndi wa Chigiriki.