Mello-Roos

Mello-Roos ndi lamulo la ku California la mu 1982 lolola makhonsolo kukhazikitsa dera la msonkho wapadera kuti apeze ndalama zomangira misewu, masukulu, mapaki ndi mapaipi a madzi kumene kukumangidwa nyumba zatsopano. Dzinali ndi la aphungu awiri amene analibweretsa, Henry Mello ndi Mike Roos. Linadza chifukwa Proposition 13 ya mu 1978 inaletsa msonkho wa nyumba kupitirira 1 peresenti ya mtengo wake, makhonsolo n'kutsala opanda pogwira. Deralo limakongola ndalama pogulitsa mabondi, ndipo eni nyumba amabweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Maziko ake ndi omveka: wopindula ndi msewu watsopano ndiye aulipirire, osati mzinda wonse. Otsutsa amaloza kavotedwe. Kuti msonkhowu uvomerezedwe pamafunika mavoti awiri mwa atatu alionse, koma ngati ovota olembetsa m'deralo sakukwana 12, amene amavota ndi eni malo, voti imodzi pa ekala, ndipo kawirikawiri mwini maloyo ndi kampani yomanga nyumba. Choncho ngongole imavomerezedwa oilipira asanafike n'komwe. Dandauloli lili ndi mutu, komabe wogulitsa nyumba amakakamizidwa kuulula msonkhowu kwa wogula, ndipo ukanapanda kukhalapo kampani ikanangoika ndalama za msewu pa mtengo wa nyumba. Chovuta kuyankha n'chakuti msonkhowu suwerengedwa potengera mtengo wa nyumba, motero nyumba ikatsika mtengo mwini wake sapepukidwa, ndipo akalephera kulipira ikhoza kulandidwa.