Malire a Diso la Galasi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma iwo amene amagwira ntchito ndi maikulosikopu adziwa kuti zilipo zinthu zimene munthu, ngakhale adekhe kufikira imvi, ngakhale galasi lake lisulidwe ndi mmisiri woposa onse, sadzaziona konse, pakuti choletsacho chili m'kuwala kwenikweniko.

Pa luso limeneli pali zinthu ziwiri zimene ambiri amazisokoneza, ndizo kukulitsa ndi kulekanitsa. Kukulitsa n'kosavuta, ndipo amalonda amakonda kukutamanda. Koma kulekanitsa, ndiko kuona timadontho tiwiri toyandikana monga tiwiri ndithu, ndiye mwini nkhani, popeza chithunzi chimene chati mbuu, mukachikulitsa, chimangoti mbuu mokulirapo.

Kuwala kumayenda m'mafunde. Ndipo monga mafunde a panyanja, akalowa pampata wa miyala, amamwazikana kuseri kwake, momwemonso kuwala kopyola pakamwa pa galasi kumapatuka ndi kufalikira. Wansembe wa ku Bologna, Francesco Grimaldi, anafotokoza za kupatukaku m'buku limene linatuluka mu 1665, iye atatsikira kale kulichete. George Airy anaonetsa mu 1835 kuti chifukwa cha ichi nyenyezi imaoneka m'telesikopu ngati kabwalo kowala kozingidwa ndi mphete zozilala, ndipo timabwalo tiwiri totere tikalowana kwambiri, diso limaona kamodzi. Ernst Abbe wa ku Jena, amene ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss, ndiye anaika malire a kulekanitsa kwa maikulosikopu poyera mu 1873: ali pafupifupi theka la kutalika kwa funde, ndiwo mananomita 200 kapena apo, nanomita pokhala gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita.

Taonani woyeza malungo m'labotale: amadontheza mafuta pa kagalasi kopakidwa magazi, natsitsa diso la makina mpaka likhudze dontholo, chifukwa mafutawo amakusa kuwala kumene kukadathawira pambali, ndipo pamenepo tizirombo timaonekera, timphete tating'ono m'kati mwa maselo ofiira. Koma kachirombo ka HIV, kamene kukula kwake kuli mananomita ngati 120, makina omwewo sangaonetse maonekedwe ake. Kameneka kamajambulidwa ndi maikulosikopu ya maelekitironi, a mafunde aafupi koposa, imene Ernst Ruska ndi Max Knoll anayamba kuipanga ku Berlin mu 1931.