Zinyalala m'Mapanga a Maiko a Aluya

Maiko a Aluya amadziwika ndi mchenga wa m'chipululu, koma pansi pa ambiri mwa maikowa pali mapanga ochuluka. Ku Lebanon, Oman, Morocco ndi Algeria kuli mapiri a miyala ya laimu, imene madzi a mvula akhala akuisungunula pang'onopang'ono mpaka kuboola tinjira ndi zipinda zikuluzikulu. Kumadzulo kwa Saudi Arabia kuli mapanga a mtundu wina, amene anatsala pamene chiphalaphala chamoto chinayenda pansi n'kusiya mphako. Anou Ifflis, m'mapiri a Djurdjura ku Algeria, ndi phanga lakuya kuposa mamita 1,100. Majlis al Jinn ku Oman, lomwe Don Davison ndi Cheryl Jones analifufuza mu 1983, lili ndi chipinda chimodzi chotalika mamita pafupifupi 310, ndipo denga lake lili pa mamita 120 kuchokera pansi. Kuchuluka kwa alendo, misewu yatsopano ndi mapulasitiki zabweretsa m'malo oterewa zinyalala zimene sizichokamo zokha.

Chifukwa chake phanga silidziyeretsa

Kunja kuno dzuwa limafooketsa jumbo, mvula imakokolola, chiswe ndi tizilombo tina timadya zotsalira. M'kati mwa phanga mulibe dzuwa, kutentha sikusinthasintha, ndipo zamoyo zowoletsa zinthu n'zochepa. Chimene chagweramo chimakhalitsa. Umboni wake uli ku Umm Jirsan, phanga lotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka ku Harrat Khaybar, kumpoto kwa Madina. Ofufuza anapezamo milu ya mafupa a ngamila, abulu, mbuzi ngakhale anthu, amene afisi akhala akukokeramo kwa zaka masauzande, ndipo mafupawo sanawonongeke. Malo osunga fupa nthawi yaitali chonchi amasunganso botolo la pulasitiki, chitini ndi batire.

Zamoyo za m'phanga zinazolowera chakudya chochepa kwambiri. M'nyanja ya m'phanga la Al Hoota, pafupi ndi Al Hamra m'munsi mwa phiri la Jebel Shams ku Oman, muli tinsomba tosaona, toyera mbee, timene sitingapikisane ndi nsomba zakunja. Nyenyeswa za buledi ndi makoko a zipatso zimabweretsa chuku, mphemvu ndi makoswe, zomwe zimalanda malo a zamoyo zenizeni za mmenemo. Utsi wa moto wa anthu okacheza umathamangitsa mileme, pomwe ndowe za milemeyo ndizo zimadyetsa tizilombo tambiri ta mumdima. Ngakhale magetsi oikidwira alendo amameretsa ndere pamiyala imene kale inali yoyera.

Madzi akumwa

Vuto lalikulu lili pa madzi. M'dera la miyala ya laimu madzi sasefedwa bwino ndi dothi. Amalowa m'ming'alu ndi m'maenje, n'kuthamanga pansi mpaka kukatulukira pa kasupe. Kutaya nyama yakufa, matewera kapena mafuta a galimoto m'dzenje lotere kuli ngati kutaya mumtsuko womwe banja lonse limamweramo, koma wotayayo sadziwa, poti kasupeyo angakhale kuseri kwa phiri.

Chitsanzo chodziwika ndi mapanga awiri a Jeita, makilomita 18 kumpoto kwa Beirut, m'chigwa cha mtsinje wa Nahr al-Kalb. Phanga lapansi linadziwika kwa anthu a masiku ano mu 1836 kudzera mwa mmishonale wa ku America, William Thomson, ndipo lapamwamba analipeza akatswiri a mapanga a ku Lebanon komweko mu 1958. Mapanga awiriwa pamodzi ndi otalika makilomita pafupifupi 9. Malowa anatsekedwa pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, n'kutsegulidwanso mu 1995. Mtsinje woyenda m'phanga lapansi, womwe alendo amayendapo pa boti, ndiwo umapereka madzi akumwa kwa anthu oposa miliyoni a mu Beirut. M'phangamo malamulo ndi okhwima, ndipo alendo ambiri amasiya makamera pakhomo. Koma madzi ake amachokera kumapiri a kumtunda, kumene kuli midzi, zimbudzi, makwale ndi malo otayira zinyalala. Mlonda wa pakhomo la Jeita sangaletse chimene chikulowa m'nthaka kutali kumeneko. Mu 2015, mtaya waukulu wa Naameh utatsekedwa, zinyalala zinaunjikana m'misewu ya Beirut ndipo zambiri zinakatayidwa m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje, m'dziko lomwe miyala yake ndi yobookabooka.

Alendo ndi oyenda maulendo a chipembedzo

Mtundu wina wa zinyalala umabwera ndi anthu oyamikira malowo. Phanga la Hira pa phiri la Jabal al-Nour ku Makka ndi laling'ono, koma Asilamu ochuluka amakwera kukaliona chifukwa ndi kumene Mtumiki Muhammad analandirira chivumbulutso choyamba. Kukwerako ndi kotopetsa, dzuwa limaswa mtengo, aliyense amanyamula madzi, ndipo mabotolo ndi mayina olembedwa pamiyala akhala akudandaulitsa anthu kwa zaka zambiri. Phanga la Ain Heet, pafupi ndi Riyadh, nalonso ladzala ndi utoto wopopera pamakoma.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi phanga la zithunzi za anthu ooneka ngati akusambira ku Gilf Kebir, kum'mwera chakumadzulo kwa Egypt, limene László Almásy analipeza mu 1933. Litatchuka ndi filimu ya The English Patient mu 1996, alendo ena anagamula zidutswa za zithunzizo, ena anazithira madzi kuti zioneke bwino pa kamera, ena analembapo mayina awo. Botolo mungalitole, koma chithunzi cha zaka masauzande chikagamuka, chapita.

Mmene amayeretsera

Ntchito yoyeretsa mapanga amaigwira makamaka mabungwe a anthu ofufuza mapanga, monga Spéléo Club du Liban, lomwe linayamba mu 1951. Ndi ntchito yolemetsa. Munthu amatsika pa chingwe atavala chisoti chokhala ndi tochi, magolovesi ndi chophimba kukamwa, n'kumalongedza zinyalala m'matumba olimba amene anzake amakoka ndi mapule kuchokera pamwamba. Magalasi osweka amaikidwa paokha kuti asadule chingwe. Utoto amaupala mosamala ndi burashi ndi madzi, osati mankhwala. Nyengo imene mileme ikuswana, salowamo.

Pamafunikanso nzeru yosiyanitsa nyansi ndi chuma. M'phanga la Hoq pa chilumba cha Socotra ku Yemen, ofufuza a ku Belgium anapeza zolemba zimene amalinyero akale, ambiri ochokera ku India, anasiya pamakoma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Munthu wachangu koma wosadziwa akanatha kuzipukuta. N'chifukwa chake phale, fupa kapena makala akale sazisuntha mpaka katswiri wa zakale ataziona.

Kwina boma limangochepetsa olowa. Ku Al Hoota, kumene kunatsegulidwa mu 2006, alendo amaloledwa mamita 500 okha a phanga lotalika makilomita oposa 4, ndipo amayenda ndi wowaperekeza.

Maphunziro a zachilengedwe

Msonkhano wa UNESCO ndi UNEP ku Tbilisi mu 1977 unalimbikitsa maiko kuika zachilengedwe m'maphunziro. Ku Jordan, bungwe la Royal Society for the Conservation of Nature, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966, linayambitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Ku Morocco, Mohammed VI Foundation for Environmental Protection yakhala ikuyendetsa pulogalamu ya Eco-Schools kuyambira 2006, ndipo Environment Society of Oman yakhala ikugwira ntchito yotere kuyambira 2004. Ku Lebanon kunatsitsimutsidwa mwambo wakale wa hima, woti anthu a m'dera amapatula malo n'kuwasamala okha. Malamulo nawo athandizako: Morocco inaletsa majumbo a pulasitiki mu 2016 pa kampeni ya Zero Mika, Oman mu 2021.

Komabe maphunzirowa amanena zambiri za magombe, mitengo ndi kusamala madzi a pampopi, pomwe za pansi pa nthaka zimatsalira. Bungwe la International Union of Speleology linapatula 2021 kukhala chaka cha mapanga, mwa zina pofuna kuti anthu wamba amvetse kugwirizana kwa dzenje ndi kasupe. Njira imodzi imene akatswiri a madzi amagwiritsa ntchito imaphunzitsa mosavuta: amathira utoto wosavulaza m'dzenje la kumtunda, n'kuudikira pa kasupe wa kumunsi. Oyenera kuona zimenezi ndi abusa a mbuzi, eni makwale, oyendetsa malole a zinyalala ndi makhansala a midzi ya m'mapiri, amene ambiri mwa iwo sanalowepo m'phanga lomwe lili pansi pa minda yawo.